Loko Wofiira

Magetsi athima m'bandakucha.
Workington yense ili zii,
mpaka tikumva mapazi a njiwa pa malata a fakitale,
mawu amene masiku ena amamezedwa ndi phokoso.

Foromani Mushonga wabwera maso ali pa wotchi.
"Chikaoneka, lowa msanga, lamba wamasuka.
Magetsi kulibe, ukuopanso chiyani?
Lole ya makatoni ikudikira pageti."

Ndamuyankha ndi mapazi.
Masitepe makumi awiri ndi anayi kukafika pa bokosi la swichi,
ndakhala ndikuwawerenga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Chogwirira ndagwetsa pansi, khatha!
Ndakoleka loko wanga wofiira,
uja wosupuka utoto m'makona,
ndi kachikwangwani kolemba ndekha:
Lufeyo ali m'kati. Usayatse.

Makina ogona sanafe ayi.
Amasunga mpweya m'mapaipi
ngati munthu wosunga chakukhosi.
Ndatsegula valavu, ausa moyo, fuuu,
mpaka singano ya geji yagona pa ziro.
Chitsulo chopsinjira chija chalendewera m'mwamba,
ndachichirikiza ndi chipika,
pakuti kugwa sikudikira magetsi.
Kenako ndadina batani lobiriwira,
kamodzi, kawiri,
odi wa pakhomo pamene ndikufuna asandiyankhe.

Tafirenyika, mnyamata wophunzira ntchito, waseka chikhakhali.
"Mdala, mukumangiranji chingwe ng'ombe yakufa?"
Ndamuponyera loko wachiwiri.
"Koleka pambali pa wanga.
Kiyi m'thumba mwako, osati mwanga, osati mwa foromani.
Mkono wakowo mwini wake ndi mmodzi."

Sindinamuuze za bambo anga,
amene anachoka ku Dedza wapansi ndi zala khumi
nakagona ku Warren Hills ndi zisanu ndi ziwiri.
Zitatuzo anazisiya mumsewu womwe uno,
tsiku limene mnzawo wokondedwa anabwera ku tiyi
napeza makina ali chete
nawachitira chifundo, nawayatsa.

Talowa. Girizi mpaka m'zigongono.
Mkono wanga wamira pakati pa magudumu mpaka paphewa,
tsaya langa latsamira chitsulo chozizira.
Tafirenyika akuwunika ndi foni,
sipanala ili kukamwa.
Bawuti imodzi yakakamira, ndikuinyengerera.

Ndiye, popanda odi,
magetsi abwera.

Mababu onse ng'aa!
Kompuresa yabangula kuseri,
makina a anzathu adzuka ndi mkwiyo wa tulo tosakwana,
wailesi ya mlonda yayamba nyimbo pakatikati,
njiwa zonse phaa, kumwamba.

Athu okha ali phee.
Mano awo azinga mkono wanga
ndipo sakutafuna.

Sipanala yagwa kuchoka kukamwa kwa mnyamata.
Sanaitole.
Ndaona dzanja lake likulowa m'thumba pang'onopang'ono,
likufumbata kakiyi kaja
ngati wafumbata mtima wa mwanapiye.

"Wunika bwino," ndatero, "bawuti sinamasuke."

Madzulo mu kombi ya ku Mufakose
tathithikana anayi anayi, mawondo m'misana ya eni.
Wina kumbuyo wanditambasulira ndalama,
ndalandira, ndapatsira kutsogolo,
chenji ndabweza.
Ntchito yaing'ono ya zala.
Pansi pa malaya, pa chingwe cha nsapato,
kiyi akundigunda pachifuwa pa bampu iliyonse,
wofunda ngati ine.