Mezurashii

Ku Makurazaki, kumene mphepo imanunkha utsi wa nsomba,
kuli mawu amodzi osatha ntchito pakamwa:
mezurashii.

Mtanthauziramawu amangoti chosowa,
chosaonekaoneka, chobwera patalipatali.
Koma buku silidziwa kukweza nsidze.

Eni ake mawuwa ndi amayi anga, a Shigeno.
Chipale chofewa chitagwa padoko lathu lofundali,
chaka chimene dzino langa loyamba linaguluka,
anatuluka opanda nsapato, mpeni wa nsomba uli m'manja,
nati mezurashii,
motsitsa, ngati akulonjera mlendo wamanyazi.

Mlongo wanga Kikuo akaimba foni ku Osaka
patapita miyezi isanu ali zii,
mawu omwewo ankamera minga:
mezurashii, kani ukadali moyo?
Kenako ankamufunsa ngati wadya.

Tsiku lina a Tokuji anavuula nsomba yaitali ngati lamba,
yosadziwika ngakhale kwa okalambira m'maboti.
Msika wonse unaunjikana,
uyu mezurashii, uyo mezurashii,
koma wopisa m'thumba panalibe.
Pofika madzulo inali ya amphaka.

Ine ndiye anandigenda nawo kangapo:
nditafika kuntchito belu lisanalire,
nditakana mowa paphwando la kutha kwa chaka,
nditavala diresi lofiira lija, kamodzi kokha.
Sudziwa ngati akukuyamikira
kapena akukuwerengera masiku onse amene sunatero.

Tsopano amayi ali m'nyumba ya okalamba, pamwamba pa phiri,
zenera lawo loyang'ana kunyanja.
Maina akuwathawa limodzilimodzi
ngati mbalame pawaya.
Amanditcha nesi.
Amanditcha Harue, mng'ono wawo amene anamwalira ndisanabadwe.
Ndimavomera onse. Ndimawasendera lalanje.

Lachiwiri lapitali, kunja kukuwaza,
anandiyang'ana nthawi yaitali
nati, Fumie, imvizi zayamba liti?

Mawu aja anakwera mpaka pammero.
Ndinawameza.
Ndinaopa kuti ndikawatchula
kanthuka kadzidzimuka, kauluka.

Ndinangopitiriza kusenda,
ulusi woyera uja umodziumodzi,
ngakhale lalanje linali loyera kale.

Iwo ndiwo anapendeketsa mutu,
nsidze m'mwamba, monga kale pakhomo la khitchini,
nandigwira tsaya ndi chala chozizira.

Iwe, kulira?
Mezurashii.