Volovolo ya Malemu Tollefson

Anabwera nayo ataikulunga m'thaulo la kubafa
ngati khanda lobadwa nyengo yachisanu.
Kunja chipale chofewa chinali chitameza
matayala a galimoto yake mpaka pakati,
ndipo mphepo ya ku Montana inalowa naye limodzi, osaodira.

"Ndine Marlys, mkazi wa malemu Orval Tollefson.
Akuti inu simunama."
Mawu otere amandilemera kuposa chitonzo
poti amanditsekera njira zonse zachidule.

Ndinayamba momwe ndimayambira masiku onse:
kuzunguza kamgolo, kusuzumira zipinda zisanu ndi chimodzi,
zonse zopanda kanthu.
Kenaka tochi kukamwa kwa mpope,
diso langa mbali inayo.
Mizere ya mkatimo inali yakuthwa, yopanda chipsera.
Mwini wake ankaombera mwa apo ndi apo
koma mafuta sankaimana.

Ndinakoka kanyundo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono,
khutu lili tcheru:
tche, tche, tche, tche.
Palibe dzino logwedera.
Nambala ya pathupi, ya pansi pa chigwiriro, ya pakamgolo,
zonse zinavomerezana ngati ana a bere limodzi.
Apa mtima wanga unayamba kuthamanga,
ndinakhosomola kuti asaumve.

Koma kunyezimirako.
Mfuti yoposa zaka zana siwala chonchi.
Ndinatenga galasi lokuza zinthu
n'kupeza dzina la fakitale litafufutika,
zilembo zitasalala ngati sopo wa sabata yachitatu,
ngodya zonse zitabulungika.

"Ndi Orval ameneyo," anatero akumwetulira.
"Chaka chimene anapuma ntchito ya njanji
anatha miyezi iwiri m'galaja ndi sandipepala
akuchotsa dzimbiri la bambo ake.
Utoto wabuluuwo anauitanitsa ku Missoula."

Ndimuuze bwanji mayi wa magolovesi obooka
kuti osonkhanitsa mfuti zakale sagula kuwala?
Amafuna thukuta la m'manja mwa akufa,
pamene chikopa cha m'chiuno chinadya chitsulo,
pamene mvula ya chaka choiwalika inasiya dontho.
Dzimbiri lija ndilo linali mboni,
ndipo Orval anaipha ndi manja achikondi.

Ndinatsegula buku la mitengo, lakutha m'mphepete,
ndi kope langa la malonda opikisana a ku Billings.
Zitatu zonga iyi zinapita chaka chatha.
Ndinaonkhetsa, ndinachotsera, ndinabwereza.
Liwu lina m'khutu lamanzere linkanong'ona:
nena mazana asanu ndi atatu, athokoza n'kupita,
sadziwa kanthu.
Liwulo ndimalidziwa, tinakulira limodzi.

"Akanaisiya momwe inalili, mayi,
bwenzi tikunena madola zikwi zisanu ndi zitatu.
Lero ndiigulitsa zikwi ziwiri ndi theka, mwina pofika Epulo.
Inu ndikupatsani chikwi ndi mazana asanu ndi anayi,
chifukwa nanenso magetsi amandidula."

Anakhala chete. Mbaula inalira kawiri.
Anasisita chigwiriro, mtengo wakuda wosalala,
mtengo umene sindikanautchulira mtengo.

"Ndiye kuti miyezi iwiri ija
inadya zikwi zisanu ndi kanthu?"
Ndinagwedeza mutu.
Anaseka mpaka kuvula magalasi.
"Anachitanso zomwezo ndi tebulo la amayi anga.
Ndi limba la kutchalitchi.
Bamboyo sankapirira kuona chinthu chikukalamba."

Denga likudontha kuchipinda cha mdzukulu, anatero,
ndipo akalipentala sadikira Epulo.
Anasaina mapepala onse a boma, dzina lathunthu,
anawerenga ndalama kawiri, kachiwiriko mokweza.

Thaulo anapinda panayi n'kulipana m'khwapa.

Atatuluka ndinatenga kakhadi ndi ulusi.
Ndinalemba chaka, nambala, mtengo,
ndi mawu amene amathawitsa ogula theka:
inapalidwa n'kupakidwanso utoto.
Malo anatsalako pang'ono pansi pake,
ndinawonjezera: ndi O. Tollefson, m'galaja mwake.