Sitolo Yopanda Msonkho

Foni yalira ndikuwerengera chenje
mayi wa pa zenera la basi ya ku Blantyre,
mphepo ya pa Lizulu ikundilowa m'makutu
ngati ndinadya ngongole yake.

"Amayi, taonani," akutero Sitiveliya,
nkhope yake ikudukaduka pa galasi long'aluka,
"ndili pa bwalo la ndege ku Joni,
m'sitolo yopanda msonkho.
Lozani chimene mtima wanu wafuna."

Yopanda msonkho?
Ndaseka mpaka kabichi wagubuduka pa thandala.
Ine kuno mnyamata wa khonsolo
amanding'ambira chiphaso m'mamawa
ndisanagulitse ndi anyezi mmodzi yemwe.

Watembenuza foni.
Mabotolo andanda ngati amayi a Mvano pa chikondwerero,
aliyense ndi kamutu kake kagolide.
Pansi pakuwala moti ungavule nkhwaira pakhomo.
Palibe ntchentche. Palibe wokuwa.
Palibe wokoka mnzake malaya kuti gulani kwa ine.
Ndafunsa ngati amaika banyira.
Waseka, chiseko chomwe chija cha bambo ake,
ndipo pakhosi panga pauma.

"Nanga kameneko, kofiirako, n'zingati?"
Watchula za ma randi, ine ndawerengera pa zala:
thumba lathunthu la feteleza
lalowa m'kabotolo kochepa ngati chala chamanthu.
Mwanawe, ndingadzole munda wa kachewere m'khosi?
Ndikanunkhirire ndani,
matumba a nyemba?

Zaka zisanu ndi chimodzi
ukukolopa nyumba za eni,
ukutumiza ndalama ndi mawu ofupika.
Malata aja tinakhoma. Sadontha.
Koma mwana unamusiya akuyamwa uja
pano akulemba dzina lake yekha pa sileti,
ine amanditchula amayi,
iwe amati anti a mu foni.
Izi sindinanene.
Pamsika sanenerapo zotere,
a Nangozo anali atatchera kale khutu
uku akunamizira kusanja tomato.

Ndangoti, siya mabotolowo.
Fufuza chokoleti, chachikulu, cha pepala lonyezimira,
udzachigwire m'manja potsika basi
kuti Lonjezo akadzakuona
asadzathawire kuseri kwa chitenje changa.

"Nanga inuyo, amayi?"

Ndisanayankhe netiweki yawoloka msewu,
yapita ku Mozambiki kukagula zotchipa
monga amachitira aliyense pano.
Pagalasi patsala nkhope yake itauma,
kukamwa kuli yasa,
kumbuyo kwake mawotchi ambirimbiri
onse akuloza nthawi imodzi.

Madzulo ano chinachake chidzalira m'mitambo,
kudutsa pamwamba pa phiri kulowera ku Lilongwe.
Sindidzadziwa ngati ndi yakeyo.
Ndidzakweza dzanja basi.

Ndapatula kachewere chidebe chimodzi, wosankha,
wa m'munda wa kumtunda uja.
Abwera awiri kudzamufunsa mtengo.
Ndati ameneyu ngogula kale.