Pakamwa Pobwereka

Ntchito yanga ndi kuima pakati
ngati mlatho wa pa Mpamadzi:
mawu a eni awoloke,
anga atsale tsidya lino.

Lachiwiri lija katswiri anachokera ku Lilongwe,
laputopu m'chikwama chakuda,
nsapato zosadziwa matope a Ntcheu.
Anati foni ya Biliati Ndau
inalankhula ndi mlongoti wa paphiri
usiku umene sitolo ya feteleza inathyoledwa.
Ndinamasulira.
Biliati anayang'ana ine, osati katswiriyo,
poti mlandu ukabwera m'chilankhulo chako
umavala nkhope ya amene wakuuza.

Anati, "Bwana, mlongoti umenewo
timaugwira ngakhale kudimba kwathu ku Biriwiri.
Tsiku lina foniyi imati takulandirani ku Mozambiki
ine ndili pakhonde panga, ndikusankha kachewere."
Khoti linaseka.
Ndinamasuliranso,
koma m'Chingerezi mawu ake anatuluka osavala nsapato.

Kenako anatembenuza laputopu kuti tonse tione.
Munthu wa chipewa akukoka thumba,
nkhope yake timadontho tokhatokha
ngati mawere otayikira pamchenga.
Akanatha kukhala Biliati.
Akanatha kukhala mlamu wanga, kapena wapolisi
amene ankasinza pakhomopo.
Koma pakona pa chithunzi panali manambala,
tsiku, ola, mphindi,
ndipo manambala sachita chibwibwi,
satuluka thukuta m'manja,
sanena kuti ndaiwala, bwana.

Chondidya ine ndi ichi.
Sitolo imeneyo ndimagulako mbewu.
Kamera yake ndimaidziwa:
magetsi akathima imadzuka ngati chidakwa,
yosadziwa kuti lero n'lachingati.
Okutobala wathayu, dzuwa likuswa mtengo,
ndinaiona italemba Januwale.
Mnyamata wa pakauntala amaikonza akakumbukira,
wotchi yake n'kuwerama, kusuzumira dzuwa pakhomo.

Palibe anafunsa.
Biliati analibe loya,
anali ndi jekete lobwereka kwa mkulu wa mpingo
ndi mboni imodzi, mkazi wake,
imene anati ikuikira kumbuyo mwamuna.
Woweruza atati, uli ndi funso kwa katswiri?
iye anafunsa ngati foniyo adzamubwezera,
muli manambala a ogula a ku Limbe.

Funso lenileni linali pansi pa lilime langa,
lolemera ngati mwala wa gulaye.
Koma ndinagwira Buku kalekale:
osawonjezera, osachotsera.
Ndinameza.

Zaka zisanu ndi ziwiri.
Woweruza ananena kamodzi, akuyang'ana pepala.
Ine ndinanena kachiwiri, mokweza,
kuti zifike kubenchi lakumbuyo
kumene Nangozo anamasula mwana kumsana,
n'kumubereka kachikena,
n'kumumasulanso,
manja akusowa pogwira.

Katswiri anapinda nthambo zake bwinobwino.
Si munthu woipa.
Anandifunsa kogula kabichi wotchipa popita kwawo,
ndinamuuza kuti akaime pa Lizulu.

Madzulo ndinadzera kusitolo kuja.
Magetsi anali atangoyaka kumene,
mafiriji a m'magolosale akuyambanso kung'ung'udza.
Ndinaima pakauntala, dzuwa lili pamutu pa Mvai,
ndinadziona pagalasi la kamera,
munthu wa timadontho, wopanda nkhope,
ndipo pakona panalembedwa kuti ndi pakati pa usiku,
tsiku loyamba la chaka
chimene Biliati anali asanamere mano.

Mnyamata anati, tikuthandizeni, bambo?
Ndinati, mbewu ya mpiru, paketi imodzi.