Ndodo ya Nambala Seveni

Ku Dornoch mphepo siodira.
Ailsa wavula golovesi ndi mano,
wagwira ndodo yachitsulo ya malemu bambo ake
pomwe chikopa chinaperepeseka ndi chala chawo.

"Usaifinye," akutero Murdo wonyamula zikwama,
"si khosi la nkhuku.
Zala zigwire, chikhatho chingoperekeza.
Manja atsogole pang'ono,
mpira utsale pakati pa mapazi."

Wapinda mawondo. Mapewa adakali gwa.
Chala chachikulu chakumanzere chafufuza, chafufuza,
chagwera m'kadzenje kakale kaja.
Kamukulira, koma nkofunda.

Khwaa!
Kachigamba ka kapinga kalondola mpira m'mwamba.
Mpirawo wakhota,
wakabisala m'minga za maluwa achikasu.

Murdo wauyamba kale ulendo wokausaka.
Ailsa ali chiimire.
Dzanja likukana kumasula.