Kumva Pansi

Ku Kensington, June akaluma,
kanyumba ka mlonda kamasanduka filiji.
Magetsi athima kachiwiri usiku uno.
Ndaunika tochi ya pafoni
pa pepala la Chigiriki,
zilembo zake zopotana ngati waya waminga
wa pamwamba pa mpanda umene ndikulonderawu.

Loweruka lapitali, m'kalasi yathu ya abusa a mawa,
pamwamba pa shopu ya matayala ku Rosettenville,
a Kamtengeni analemba mawu awiri pabolodi.
Loyamba: pisitisi.
Anati, musangoti "chikhulupiriro" n'kupinda manja.
Liwuli lili ngati ndalama yachitsulo,
uku kukhulupirira, uko kukhulupirika.

Ine maganizo anathawira kwa Bwanali wa thiraki.
Mwezi ukatha ndimamupeza ku Fordsburg,
n'kumupatsa mafuta ophikira, nsapato za Tiyanjane,
ndi envulopu ya maranda yomata ndi malovu.
Lisiti palibe.
Amangolemba dzina langa pachikwama, molakwitsa.
Kenako Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, Zobuwe,
masiku asanu foni yake ili zii,
mpaka Esinati aimbe kuchokera ku Balaka:
zafika, koma botolo limodzi ladontha.
Nanga pisitisi ali ndi yani,
ine wotula katundu kapena iye womufikitsa?
Chigiriki sichisankha.
Chatiika tonse m'chikwama chimodzi.

Liwu lachiwiri: hipakoe, kumvera.
Analidula pakati ngati chinangwa:
hipo, pansi; akuo, kumva.
Kumva uli pansi pa mawu a wina.
Ndinaseka ndekha.
Agiriki anavutikiranji? Ife tinadziwa kale.
Pakati pa kumva ndi kumvera
pali tizilembo tiwiri tokha,
ngakhale ine tandidyera zaka makumi anayi.

Koma kuno ku Joni liwuli lili ndi fungo.
Ndamvera kapitawo wodula malipiro chifukwa cha kusinza.
Ndamvera wapolisi pa Jules Street
atagwira pasipoti yanga ndi zala ziwiri
mpaka nditamugulira zoziziritsa kukhosi.
Khosi langa ladziwa kugwa lisanauzidwe.
Ndiye ndinakweza mkono:
Abusa, Mulungu naye akufuna chomwechi,
inde bwana wa munthu wopanda pepala?

A Kamtengeni anapukuta magalasi nthawi yaitali.
Pansi pathu wina ankamenya limu ndi nyundo.
Anati, iwe ntchito yako ndi ya pageti, eti?
Liwu lomweli ankanenera wa pakhomo,
amene wamva kugogoda
n'kudzuka kukaona.
Sanapitirize. Nthawi inali itatha,
akwaya a Chishona anali kale pamasitepe.

Tsopano ndi fili koloko ya m'bandakucha.
Galu wa nambala seveni wasiya kuuwa.
Ndabwereza mawu awiriwa mpaka lilime lauma,
ndipo apo, pachitsulo cha geti:
go, go, go.

Mwina ndi a nesi a pa nambala thwelofu
ochokera ku Charlotte Maxeke, mapazi atatupa,
limoti yawo itafa limodzi ndi magetsi.
Mwina ayi.
Chaka chatha ku Malvern, Dokiso anatsegulira kugogoda kotereku.
Tinasonkherana maranda zana zana
kuti bokosi lake likwere thiraki ya Bwanali.

Makutu amva.
Makutu savuta, alibe mawondo.
Mpando wafunda, bulangete likundinyengerera,
ndipo palibe kamera yoona
ngati ndadzuka kapena ayi.

Ndapinda pepala, ndaika m'thumba la pamtima.
Makiyi akulira m'dzanja, kaya n'kuzizira.
Kuchokera pampando kukafika pageti
ndi mapazi khumi ndi anayi,
ndinawerenga tsiku loyamba ntchito.
Mayeso a Chigiriki ali Loweruka.
Awa ali pano.

Phazi lachisanu ndi chiwiri.
Ndakhosomola kuti mawu asanjenjemere.

Ndani?