Diso Lalitali

A Twaibu anayala malenzi atatu pamkeka wa pakhonde
ngati ogulitsa mapapaya,
nati, "Sankhani, Nasibeko, koma galasi musalikhudze ndi chala."

Loyamba linali loyera, lalitali ngati munsi.
Mtengo sindinaufunse kawiri.
Ndikanagulitsa mpunga wonse wa kudambo,
njinga yomwe, ngongole ikanatsalabe.
Ndinangolinyamula, kumva kulemera kwake, n'kulibweza.

Lachiwiri linabwera kuchokera ku Joni m'chikwama cha alamu awo.
Nditaliloza kudzuwa ndinaona chuku m'kati,
timizu toyera tikuyanga ngati kangaude wapeza malo.
"Sizioneka pachithunzi," iwo akutero.
Chaka chino, inde.
Nanga chinyezi cha ku Nkhotakota kuno chikadutsa madzinja awiri?

Lachitatu ndi ili. Lapulasitiki, lopepuka,
loyambira mamilimita makumi asanu ndi awiri kulekeza mazana atatu,
mphira wake wayamba kumatuka m'mbali.
Chija choletsa kunjenjemera lilibe.
Limadana ndi mdima:
dzuwa likapendeka limayamba ulesi,
kulira ngati udzudzu, kusaka, kubwerera, kusakanso.

Ndikulifuniranji, ine wojambula za pachitupa ndi za maukwati?
Funsani Mbwana, mwana wa mchimwene wanga, goloboyi.
Loweruka lija anauluka, anagwira penate,
bwalo lonse fumbi kobo!
Ine ndinadina nthawi yake yeniyeni,
koma pachithunzi panali nyerere yovala jezi yachikasu.
Anakulitsa ndi zala mpaka nkhope inasungunuka.
"Ndine uyu, azakhali?"
Sindinamuyankhe.

Funsaninso njovu ija ya ku Bua.
Inali kutsidya, ikukungunula makungwa a mombo,
ine ndikusendera, ndikusendera,
mlonda wa nkhalango anandigwira mkono:
"Mayi, malire ndi pano. Iyo siidziwa kuti mwabwera mwaulemu."
Kunyumba ana anati ndajambula chulu.

Ndiye ndinalimanga pakamera lachitatulo,
ndinatuluka kumsewu.
Wakabaza ankatsetsereka ndi thumba la chinangwa,
ndinamutsata, mpweya nditaugwira.
Pa zithunzi khumi, zisanu ndi ziwiri zinali utsi.
Zitatu zinali iyeyo:
thukuta pachipumi, chigamba pabondo,
chingwe cha mphira chikuluma thumba.
Nkhunda ya padenga la mzikiti
ndinaiwerenga nthenga za pakhosi.
Mtima unagunda, chithunzi chotsatira n'kugwedezeka nawo.

Tinanenerera mpaka tiyi anazizira.
Iwo kutsitsa pang'ono, ine kukweza pang'ono,
ine kudzuka ngati ndikupita, iwo kuseka
poti amadziwa kuti nsapato zanga sizikufuna.
Matumba anayi a mpunga anathera pamenepo,
chivindikiro anandipatsa cha basera,
chosakhala chake, chothina.

Usiku ndalikulunga m'chitenje, ndaliika m'ndowa yotseka
pamodzi ndi kathumba ka mpunga wouma, kuti chuku chisalipeze.
Ndadula nsungwi yofika pachibwano
yoti ndizitsamiritsapo, manja akatopa.
Osauka amabwereka mphamvu kwa mtengo.

Njovu idikire, ilibe changu,
ndipo ndidzaipeza m'mawa kukuwala.
Koma mpira wa Loweruka uyamba itakwana naini koloko yathu ya masana,
ndipo ndauza Mbwana, iye n'kundiseka,
kuti ngati pali zouluka,
auluke chigawo choyamba,
dzuwa lisanapendeke.